Moto Wosungunula Zitsulo Zakutha Ukuchokera Kuti?

 Nkhani yathu lero ndi ya moto. Sitikunena moto wophikira nsima ai, koma moto umene umasungunula zinthu zakutha kuti zisanduke zatsopano.

Tikhulupirira kuti nonse mudawaonapo anyamata oyenda ndi sikelo m'midzimu, akugula makasu akutha, mapoto obooka, zitsulo za njinga, mabatire akufa ndi ndowa zapulasitiki zosweka. Katunduyo amamuunjika pamalo amodzi, tsiku lina lole n'kubwera kudzamunyamula, ulendo wa ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja kwa dziko lino. Ambirife timaganiza kuti nkhani yathera pomwepo: kandalama talandira, pakhomo payera. Koma khasu lakutha silisanduka lokha kukhala chitsulo cha mawindo. Pamafunika kutentha, ndipo kutentha kwake n'koopsa. Madzi amawira pa madigiri 100. Aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija chopangira mapoto, amasungunuka pa madigiri 660. Chitsulo cha khasu chimafuna madigiri pafupifupi 1,500. Tsono funso limene tabwera nalo ndi ili: moto umenewo ukuchokera kuti, ndipo akulipira mtengo wake ndani?

Ng'anjo za makolo athu

Funsoli si lachilendo kuno ku Kasungu. Makolo athu adali akatswiri osungunula chitsulo kuchokera ku miyala. Ankamanga ng'anjo zadothi zazitali kuposa munthu, ndipo zotsala zake zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu National Park ndi m'madera ena a boma lino. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a mbiri yakale, mmodzi mwa iwo David Killick, adakhala pansi ndi madoda a kwa Chulu amene adaiona ntchitoyi ali anyamata, ndipo adalemba mmene inkayendera. Ng'anjo zimenezi zinkadya makala ochuluka zedi kuti patuluke chitsulo cha makasu owerengeka. Koma nthawi imeneyo anthu adali ochepa, thengo lidali lalikulu, ndipo mtengo wodulidwa unkaphukira n'kukulanso munthu asadabwerere pamalopo.

Cha m'ma 1930 ng'anjozo zidazima. Makasu a m'sitolo adachuluka, ndipo osula athu adaona kuti n'kwapafupi kutenga chitsulo chakutha, monga chitsulo cha galimoto, n'kuchisula pa chipala ndi mvukuto kusiyana ndi kukumba miyala. Choncho ntchito yokonzanso zakutha tidaiyamba kale, alendo asadabwere kudzatiphunzitsa m'misonkhano. Chimene chasintha ndi thengo. Moto ukadali womwewo wa makala, koma mitengo yake si yomwe ija.

Ubwino wake ndi weniweni

Tisadafike pa vuto, tinene poyera kuti kusungunula zakutha n'kwabwino. Kupanga aluminiyamu watsopano kuchokera ku dothi la mumgodi kumadya magetsi ochititsa mantha. Fakitale ya Mozal, imene idatsegulidwa pafupi ndi Maputo m'chaka cha 2000, itakulitsidwa idayamba kugwiritsa ntchito magetsi oposa mamegawati 900, kuposa magetsi onse amene dziko lathu la Malawi limapanga. Fakitale imodzi yokha! Pamene kusungunula aluminiyamu wakale kumangofuna magawo 5 okha pa 100 alionse a mphamvu imeneyo. Pa chitsulo wamba, kusungunula chakale kumapulumutsa mphamvu yoposa theka. Mnyamata wa sikelo uja, ngakhale ena amamunyoza kuti ndi wotolatola, akugwira ntchito yothandiza dziko.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiung'ambe mkuyuwo.

Mmisiri wa mapoto ndi thumba la makala

Tiyambe ndi fakitale yaing'ono koposa zonse, imene tonse timaidziwa: mmisiri woumba mapoto kuseri kwa msika. Amatolera mapoto akale, zitini za zakumwa ndi zitsulo zina za injini. Amaziika m'chitini cholimba pakati pa makala, mwana n'kumapukusa gudumu la njinga kuti mphepo ikolezere moto. Zikasungunuka amathira m'chikombole cha mchenga, ndipo potuluka apo ndi poto watsopano, wotsika mtengo, amene mayi wa kumudzi angathe kugula. Luso lake n'lalikulu, ndipo ana ake amapita kusukulu ndi ndalama imeneyo.

Tsono taonani makala aja. Pa uvuni wadothi umene anthu ambiri amaotchera, kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala pamafunika nkhuni zolemera makilogalamu 5 mpaka 10. Mphamvu yambiri ya mtengo imathera mu utsi kuthengo komweko, makala asadafike n'kumsika komwe. Ndiye kuti poto wapulumuka ku dzala, koma msuku kapena tsamba wagwa m'malo mwake.

Pano tifotokoze pang'ono za mpweya umene akatswiri amautcha wa kaboni, popeza mauwa tikuwamva kawirikawiri pa wailesi. Chilichonse choyaka, kaya ndi nkhuni, makala, malasha kapena dizilo, chimatulutsa mpweya umenewu. Ukachuluka kumwamba umakhala ngati bulangete lofunditsa dziko, kutentha kwa dzuwa n'kumalephera kutuluka. Apo ndi pamene pamachokera kusintha kwa nyengo: mvula yochedwa, ng'amba pakati pa dzinja, ndi namondwe wonga Freddy amene adapha anthu mazanamazana kum'mwera mu March 2023. Mtengo ukamakula umamwa mpweya womwewu n'kuusunga m'thunthu mwake. Choncho ukaotcha mtengo n'kubzala wina n'kuusamala mpaka ukule, ngongole wabweza. Ukaotcha osabzala, ngongole yatsala. Koma malasha ndi dizilo, zimene zidagona pansi pa nthaka zaka zosawerengeka, ngongole yake ilibe pobwezera.

Ife a kuno sitifunika kuuzidwa zambiri pa ngongole ya mitengo. Tidaona ndi maso athu zimene fodya wa kampopi adachita. Pamene maesiteti adafalikira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mabalani adayamba kumeza nkhuni usana ndi usiku, ngolo ndi mathirakitala n'kumapita kutali chaka ndi chaka. Agogo ena muli panowa mukukumbukira pamene bowa ndi masuku zinkapezeka kuseri kwa nyumba. Lero mayi amalawirira m'mamawa kuti akapeze mtolo umodzi. Komanso fodya yemweyo adatiphunzitsa chinthu china chabwino. Chitadutsa chaka cha 2005, muno m'Malawi adayesa balani yamtundu watsopano yotchedwa roketi, imene ng'anjo yake ndi njira za utsi zidakonzedwa mwanzeru, ndipo alimi amene adaimanga bwino adaona nkhuni zikuchepa pafupifupi ndi theka, fodya n'kupsa bwinobwino. Phunziro lake n'lakuti moto wambiri umene timasonkha umangotayika chifukwa cha kamangidwe ka ng'anjo. Zimene zidatheka pa balani zingathekenso pa ng'anjo ya mmisiri wa mapoto.

Kumene lole ija imapita

Tsopano tiitsatire lole ija. M'mafakitale akuluakulu chitsulo chakutha amachisungunula ndi magetsi. Kwa anzathu a ku Zambia, m'tauni ya Kafue, kuli fakitale yotere imene imasandutsa zitsulo zakutha kukhala zitsulo zomangira nyumba. Nawo mapulasitiki, m'mafakitale a m'mizinda yathu, amawadula tizidutswa, kuwatsuka ndi kuwasungunula ndi makina a magetsi. Apa munthu angaganize kuti vuto latha popeza utsi sukuoneka. Koma magetsi nawo ali ndi kwao. Ku South Africa magetsi ambiri amachokera ku malasha, kotero ng'anjo ya magetsi ya kumeneko ikuotcha malasha ndithu, kungoti utsi wake ukufuka kwina.

Pamenepa dziko lathu lili ndi mwayi umene ambiri sitiudziwa. Magetsi athu ochuluka amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire: ku Nkula, kumene makina oyamba adayamba kuzungulira mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Madzi safuka utsi. Ngakhale madzi a mtsinje wa Bua, umene umadutsa kufupi ndi kwathu kuno, amakathira m'nyanja, n'kutsika ndi Shire, n'kukazungulitsa makina a ku Nkula. Fakitale yosungunula zakutha imene ikugwiritsa ntchito magetsi amenewa ikugwira ntchito yaukhondo kuposa mafakitale ambiri a m'maiko olemera.

Vuto lathu ndi lakuti magetsi aukhondowo ndi osakwanira ndipo ndi osadalirika. Mu 2017 nyanja itaphwera, magetsi ankazima tsiku lathunthu, ndipo mu 2018 dziko lidabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko pa mtengo wokwera. Mu January 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kutayika nthawi imodzi, ndipo padatha chaka ndi miyezi makinawo asadabwerere. Ku Zambia nako, chilala cha 2024 chidaphwetsa damu la Kariba, anthu n'kumakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse.

Tsono ganizirani mwini fakitale. Wa chigayo magetsi akazima amangotseka n'kudikira, amayi n'kukhala pamzere ndi matumba ao. Koma wosungunula sangadikire. Chitsulo kapena pulasitiki zikaumira m'kati mwa makina, ntchito yokokota imatenga masiku, mwinanso makinawo n'kuonongekeratu. Ndiye amagula jenereta yaikulu ya dizilo. Dizilo ameneyo timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe zija zimene mlimi wa fodya wazipezera dziko pa okushoni ya ku Chinkhoma. Mwaona mmene chingwechi chalumikizirana? Timadula mitengo kuti tiotche fodya, fodya abweretse madola, madola agule dizilo, dizilo afuke utsi, nyengo isinthe, nyanja iphwe, magetsi azime, tigulenso dizilo wina.

Njira zilipo, ndipo zina zili pafupi

Sitidabwere kudzangodandaula. Mu 2021 ku Nanjoka, m'boma la Salima, adatsegula munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 60. Mu 2022 ku Golomoti, m'boma la Dedza, adatsegula wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu. Dzuwa limathandizana bwino ndi madzi: miyezi ya chilimwe, pamene mitsinje yaphwera, ndi pamene dzuwa limaswa mtengo. Ndipo ntchito yosungunula ingathe kukonzedwa kuti izichitika masana dzuwa lili pamutu. Madenga a mafakitale a ku Kanengo ndi otambalala, ndipo ambiri angokhala, kulandira dzuwa laulere popanda cholitchera.

Chitsanzo china chili kutsogolo kwa msewu wathu womwewu. Mukatsika ku Nkhotakota n'kukhotera kumpoto mufika ku Dwangwa. Fakitale ya shuga ya kumeneko imaotcha zotsalira za nzimbe zofinyidwa kale kuti ipeze nthunzi ndi magetsi oyendetsera makina ake, ndipo kuyambira 1982 pafupi pomwepo amatcheza mafuta a ethanol kuchokera ku manyuchi otsala popanga shuga. Nzimbe zimaphukanso chaka chilichonse, choncho ngongole ija imabwezedwa.

Nanga ife kuno zotsalira tilibe? Makoko a mtedza, zitsononkho, mapesi a fodya, utuchi wa kwa akalipentala: zambiri timangozitentha pamunda kapena kuzisiya ziole pamsewu. Zimenezi zikhoza kupsererezedwa, kusinjidwa ndi kuumbidwa kukhala makala. Tinene zoona, makala oumbawa akapangidwa mwachisawawa amachuluka phulusa ndipo moto wake ndi wofooka, mmisiri akawayesa kamodzi sabwereranso. Pamafunika makina opanikizira ndi anthu ophunzitsidwa bwino, ndipo imeneyi ndi ntchito ya gulu, osati ya munthu mmodzi. Tikumbukirenso kuti zotsalira zina nthaka imazifuna ngati manyowa, tisazisese zonse. Palinso makala ovomerezeka. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene zilango zake adazikhwimitsa mu 2020, silikuletsa makala onse. Likuletsa kuotcha popanda chiphaso. Ku Kawandama, m'mapiri a Viphya, kuli kampani imene idapatsidwa chiphaso chootcha makala kuchokera ku mitengo yobzala yokha. Gulu la alimi lokhala ndi nkhalango yakeyake ya bulugama lili ndi ufulu wofunsa ku ofesi ya za nkhalango njira yopezera chiphaso chotere.

Njira imodzi yokha tikuchenjezeni nayo. Amisiri ena, pothawa mtengo wa makala, amasonkhezera ndi oilo wakutha wa galimoto, matayala kapena mapulasitiki. Mtengo wapulumuka, inde, koma utsi wakuda umenewo ndi poizoni, ndipo woyamba kuupuma ndi mwana wopukusa gudumu uja. Chimodzimodzi mabatire: mtovu wa m'batire ukalowa m'chitsulo choumbira mapoto umakathera m'ndiwo, ndipo umaononga ubongo wa ana pang'onopang'ono popanda chizindikiro. Batire lakufa, la galimoto kapena la sola, lisaswedwe pakhomo, ndipo lisayandikire ng'anjo ya mapoto.

Nanga ife tidalakwanji?

Tikudziwa kuti wina akufunsa mumtima: utsi umene wasokoneza nyengo adafukiza ndi maiko olemera, bwanji mukuvutitsa mmisiri wosauka wa pa Mtunthama? Funsoli n'loona, ndipo sitilizemba. Tikawerenga utsi wa malasha ndi mafuta, Mmalawi mmodzi amatulutsa mpweya wa kaboni pafupifupi makilogalamu 100 pachaka, pamene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa oposa makilogalamu 13,000. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adanena mosabisa kuti maiko olemera ali ndi ngongole kwa maiko osauka pa nkhani imeneyi. Boma lathu nalo, potsatira pangano la ku Paris la 2015, lidalonjeza mu 2021 kuti pofika 2040 lidzachepetsa mpweyawu ndi magawo 51 pa 100 poyerekeza ndi mmene ukadakhalira, koma lidanenetsa kuti magawo 6 okha ndi amene tingathe patokha. Magawo 45 otsalawo akudalira thandizo lakunja. Kupempha thandizo limenelo si umphawi wopemphetsa, n'kulonjerera ngongole.

Komabe nkhalango ya Chimaliro ikatha, wa ku America sadzasowa nkhuni. Dizilo akasowa, amene amagona pamzere pa filing'i siteshoni ndi ife. Zifukwa zathu zofunira moto waukhondo n'zapakhomo pathu pomwe.

Mau athu ngati nzika

Mmisiri wa mapoto sangadzikokere yekha mawaya a magetsi, ndipo mwini fakitale sangamange yekha damu. Zimenezi zimagamulidwa m'maofesi ndi m'misonkhano, ndipo m'dziko la demokalase misonkhano imeneyo ndi yathu. Ambiri sitidziwa kuti nthawi iliyonse tikagula petulo kapena dizilo, kapena tikakwera minibasi, timasonkhako kandalama ka thumba lofikitsa magetsi kumidzi, lija la MAREP. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa mabanja 100 alionse, pafupifupi 11 okha ndi amene ankaunikira ndi magetsi a ESCOM, ndipo ambiri mwa iwo adali a m'tauni. Tsono ngati tikusonkha tonse, tili ndi ufulu wofunsa kuti mawaya akulowera kuti, ndipo adasankha ndani.

Tikamafunsa, tisamangopempha magetsi ounikira. Babu yokha siidyetsa banja. Tifunse thiransifoma yamphamvu yoti iyendetse chigayo, makina owotcherera zitsulo, makina opanikizira makala oumba, ngakhale kang'anjo ka magetsi ka gulu la amisiri. Pempho lotere limayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, mpaka ku khonsolo ya Kasungu. Khansala ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo akabwera, pamodzi ndi nkhani za milatho ndi feteleza, tiwafunsenso kuti amisiri a pamsika adzapatsidwa liti malo ao okhala ndi magetsi, kutali ndi pogulitsira zakudya. Bungwe la MERA, limene limavomereza mitengo ya magetsi, limaitana anthu kudzapereka maganizo lisadakweze mitengo ya zaka zingapo. Amapitako ndi eni makampani. A kumudzi sitioneka, ndipo wosaoneka samuwerengera.

Tsiku lina kudzabwera munthu wa ndalama kudzapempha malo kwa amfumu kuti amange fakitale yogaya mapulasitiki kapena yosungunula zitsulo. Timulandire, pakuti achinyamata athu akufuna ntchito. Koma lamulo la za chilengedwe la 2017 likuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa, ndipo anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020, likutilola kupempha kuti tione zimene ounikawo adalemba. Pamsonkhano umenewo, pambali pofunsa za malipiro, wina aimirire afunse kuti: bwana, ng'anjo yanu idzayaka ndi chiyani, nanga magetsi akazima mudzasonkhezera chiyani? Akayankha kuti nkhuni, afunsidwe kuti nkhalango yake wabzala pati. Yankholo lilembedwe, amfumu ndi komiti asunge pepala lake.

Pali mbali ina imene sitingaloze chala boma. Msika wa zitsulo zakutha wabweretsa umbava. Mawaya a magetsi amadulidwa usiku, mathiransifoma amaphwasulidwa pofuna waya wa kopa ndi mafuta ake, zitsulo za mijigo ndi za milatho zimazulidwa. Thiransifoma imodzi ikaphwasulidwa, dera lonse limakhala mumdima miyezi, wa chigayo n'kubwerera ku injini ya dizilo, wowotcherera n'kutseka shopu. Akubawo sachokera ku mwezi. Ndi ana a m'midzi mwathu, ndipo wogula amadziwa bwino kuti waya wonyezimira chotero sadatoledwe kudzala. Mafumu ndi komiti ya msika angathe kugwirizana kuti wogula zitsulo aliyense azidziwika, ndipo azilemba m'buku dzina la womugulitsa ndi mtundu wa katundu.

Mukabwerera ku miphakati yanu, pa msonkhano wa sabata ikubwerayi, yesani kuwerenga anthu a m'dera lanu amene ntchito yao imadalira moto waukulu: oumba mapoto, osula, ootcha njerwa, a mabalani, ophika buledi. Muwafunse mwaulemu kuti amagwiritsa ntchito matumba angati a makala kapena ngolo zingati za nkhuni pamwezi, amazigula kuti, ndipo pa zingati. Muwaitanenso iwowo adzakhale nanu, pakuti ndi amene akuudziwa motowo kuposa ife. Alembi alembe manambalawo bwinobwino ndi kuwapereka kwa wapampando wa komiti ya chitukuko ya parishi mwezi usadathe, kuti tikapite nawo ku msonkhano wa komiti ya dera tili ndi pepala m'manja.

Tsopano tipereke mpata wa mafunso. Tiyambe ndi amayi a kumbuyoko.